Utsi wa Fiskani

1. Mkangano wa pa Lamulungu

Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, Amalawi angapo okhala mu Nairobi ankakumana kunyumba kwa a Dunstan Jobe ku Kilimani. Nyumbayo inali pamwamba penipeni, ndipo alendo ankafika ali wefuwefu chifukwa chikepe chinkagwira ntchito tsiku limene chafuna. Azimayi ankakhala pakhonde kukamba zawo. Azibambo ndi anyamata ankadzaza pabalaza.

Masiku ambiri nkhani zinkakhala za kumudzi: mvula, mafuta a galimoto, ndale. Koma mwezi wa Epulo zonsezi zinkayamba zaima. Umenewu ndi mwezi umene matimu a mpira wa ku America amasankha osewera atsopano ochokera m'makoleji, mwambo umene amautcha dirafuti. Mpira wake ndi uja wooneka ngati papaya, woponya ndi manja.

Amene anabweretsa matendawa anali a Lawson, amene anaphunzirako ku America. Anapatsira anyamata onse ndi azibambo awiri atatu. Koma palibe amene anadwala kuposa Fiskani, mwana wa a Dunstan, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Tsiku limeneli mkangano unali wa makotabaki awiri. Kotabaki ndi wosewera amene amalandira mpira koyambirira n'kusankha woti amuponyere. Timu ikalakwitsa posankha ameneyu imalira zaka zambiri.

"Achimwene, wamtali wa ku Texas uja ndi number one, palibe zokambirana," anatero a Nicholas, amene ankagwira ntchito ku banki ina ku Upper Hill. "Dzanja lake mwaliona? Amaponya atagwada, mpira n'kudutsa theka la bwalo."

"Dzanja lopanda mutu," anayankha a Lawson. "Akangoona anthu akumuthamangira amataya mpira paliponse. Wa ku Ohio uja ndi wamfupi, inde, koma amawerenga masewero."

"Wamfupi choncho aona bwanji kutsogolo? Azikwera pampando?"

Anthu anaseka. Kupatula a Lawson, palibe amene anali atapondako ku America, koma ankakangana ngati anyamatawo ndi ana a alongo awo.

Fiskani analowererapo. "Koma ankolo, dzulo ndawerenga kuti wa ku Ohio ali ndi vuto la bondo. Akuti matimu ayamba kumuthawa."

A Lawson anapukusa mutu akumwetulira. "Umenewo ndi utsi, Fiska."

"Utsi?"

"Tamvera. Timu ikamufuna kwambiri mnyamata, koma ili kumbuyo pa mzere wosankha, sinena kuti ikumufuna. Imanong'oneza atolankhani. Bondo lake silili bwino. Samva kochi. Matimu akutsogolo amachita mantha n'kumudumpha. Akafika pa iwo, amangomutola ngati bowa."

"Ndiye sagwidwa?"

"Pofika nthawi imene anthu azindikire, mnyamata wavala kale jeze yawo."

Maso a Fiskani anawala. Anasiya ngakhale chapati imene inali m'dzanja lake.

2. Mawu a bambo

A Dunstan sankaukonda mpira umenewu. Kwa iwo mpira ndi wa miyendo, zinazi ndi kulimbirana katundu. Nthawi zonse ankangokhala pakona ndi tiyi wawo. Koma tsiku limeneli anaika kapu pansi.

"A Lawson, mundikhululukire, ndilankhulepo ngakhale mpira wanuwu sindiudziwa. Inu mwati utsi. Kwathu timati bodza. Ndipo mwa mabodza onse, limene ine ndimaliopa ndi lonamizira munthu matenda.

"Ukanena kuti munthu ndi waulesi, mawa alawirira ku ntchito, anthu aona okha kuti unanama. Ukanena kuti ndi wamwano, apereka moni mwaulemu, nkhani yatha. Koma ukanena kuti akudwala, atsutsa bwanji? Akaseka, anthu ati akubisa. Akathamanga, ati akudzikakamiza. Akangokhosomola kamodzi, ati si mwaona nokha.

"Ndiponso mnyamata wa ku Ohioyo sanagwe kumwamba. Ali ndi mayi ake. Inu mukuganiza za matimu, ine ndikuganiza za mayi amene akuwerenga pa foni kuti mwendo wa mwana wawo watha. Azunguwo mwina ali ndi madokotala ndi maloya okonza zimenezi. Ife kuno tilipo ochepa, ndipo tonse timadziwana. Mawu ukawanena ku Kilimani m'mawa, madzulo uwapeza ku Donholm atanenepa.

"Ndiye anyamata inu, onerani mpirawo. Kanganani mpaka mawu athe. Koma zautsizi muzisiye pa TV pomwepo."

"Tamva, ankolo," anayankha anyamata.

"Tamva, adadi," anatero Fiskani, mokweza kuposa onse. Anamvadi, koma zimene zinamulowa bwino zinali za a Lawson.

3. Dzanja la Titus

A Lawson sanathere pa mikangano ya pabalaza. Iwo ndi anzawo a ku Kenya anayambitsa ligi ya achinyamata imene inkasewera Loweruka lililonse pabwalo la tchalitchi china mu Ngong Road. Makolo anakana zogwetsana, choncho wosewera aliyense ankavala tinsalu tiwiri m'chiuno. Mdani akasolola kansalu kako, ndiye kuti wakugwetsa. Anyamata ndi atsikana ankasewera limodzi, Amalawi ochepa, Akenya ambiri.

Matimu analipo anayi, ndipo nawonso ankachita dirafuti yawo motsanzira ku America. Lamulo linali lomwelo: timu imene inathera kumunsi chaka chatha ndi imene imayamba kusankha. Choncho woyamba anali Wekesa, kaputeni wa Chui. Wachiwiri anali Akinyi wa Tai. Fiskani, kaputeni wa Nyati, anali wachitatu.

Fiskani anali waliwiro ndipo mpira sunkamupulumuka m'manja. Vuto linali womuponyera. Kotabaki wake wa chaka chatha ankaponya kum'mawa Fiskani ali kumadzulo, ndipo tsiku lina mpira unakagwera m'dimba la abusa.

Ndiye chaka chino kunabwera Titus.

Titus anachokera ku Lilongwe kudzakhala ndi mayi ake, a Bernadette, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya mpingo n'kumakhala ku Donholm. Kumudzi anali goloboyi wa pasukulu, wotchuka poponya mpira ndi dzanja mpaka pakati pa bwalo. Fiskani ndiye anamugwiritsa koyamba mpira wa papaya uja, pamalo oimika magalimoto ku Kilimani. Anamuphunzitsa poika zala ndi popondera. Pasanathe miyezi ingapo, Titus ankaponya bwino kuposa aliyense mu ligi yonse.

Mayi ake sanavomere msanga. Bambo a Titus anamwalira mwadzidzidzi zaka ziwiri zapitazo. Anagwa akukwera masitepe ku ntchito, mtima n'kungoima. Kuyambira pamenepo a Bernadette ankaopa chilichonse chothamangitsa mwana wawo. Pomaliza analola, koma ndi pangano limodzi: Titus asadzawabisire ululu uliwonse m'thupi mwake, ngakhale waung'ono. Akadzabisa, mpira watha. Fiskani ankalidziwa panganoli chifukwa linapangidwa iye ali pomwepo.

Loweruka lomaliza dirafuti isanachitike, osewera atsopano anaonetsa luso lawo pamaso pa makaputeni. Titus anaponya mipira yonse molunjika. Mnyamata wina dzina lake Mutua anayesetsa ndithu, koma aliyense anaona kusiyana kwake.

"Wekesa anditenga basi," anatero Titus akumasula nsapato. "Palibe vuto, aise. Tidzakumana pabwalo, ndidzakuchinye bwinobwino."

Fiskani anaseka, koma m'mtima munamuwawa. Anaphunzitsa ndi iye, ndiye adye wina?

4. Pa siteji

Madzulo a tsiku lomwelo Fiskani anapeza Wekesa pa siteji akudikira matatu, minibasi ya kumeneko. Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, monga achitira ana a mu Nairobi.

"Ndiye utenga ndani?" anafunsa Fiskani.

"Ukufunsanso? Titus. Ngakhale agogo anga ku Bungoma akudziwa."

Fiskani anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu. "Sawa, chabwino. Timu ndi yako."

"Bwanji watero?"

"Palibe. Phewa lake basi. Limamuvuta."

Wekesa anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Phewa limene laponya lero lija? Inenso ndipatseni phewa lodwala ngati limenelo."

Apa Fiskani akanatha kuseka nawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Matatu ya Wekesa inali itafika kale, kondakitala akumenya chitseko ndi dzanja. Koma Fiskani anamugwira mkono.

"Si phewa lokha. Amachita chizungulire. Sabata yatha anagwa akuthamanga ku Donholm, anakomoka." Anamuyandikira. "Ukudziwa mmene bambo ake anamwalirira?"

Kuseka kwa Wekesa kunathera pomwepo. Ankadziwa.

"Mayi ake akudziwa zimenezi?"

"Ayi. Ndipo usauze munthu kuti wamva kwa ine. Lumbira. Ndakuuza chifukwa ndiwe mnzanga, sindikufuna adzagwere m'manja mwako."

"Ndalumbira," anatero Wekesa. "Pole sana. Asante, bro." M'Chiswahili pole ndi pepa wouza munthu amene wagwa m'vuto, asante ndi zikomo.

Anakwera matatu n'kupita. Fiskani anatsala pa siteji. Anali asananenepo chinthu chonyansa chotere pa moyo wake, ndipo ankadziwa. Manyazi anamugwira mpaka pa mphambano ya kwawo. Pofika pa geti anali akuganiza kale za masewero amene iye ndi Titus adzagwiritse ntchito.

5. Pole wa chiyani?

Wekesa anasunga lumbiro lake. Dzina la Fiskani sanalitchule. Koma nkhani yeniyeniyo sanathe kukhala nayo yekha. Anaona kuti n'koopsa kuti Akinyi asankhe munthu wodwala mtima osadziwa, choncho anamuuza. Akinyi anauza mayi ake pa chakudya chamadzulo. Ndipo mayi a Akinyi ankakhala ku Donholm, m'gulu limodzi la mapemphero ndi a Bernadette. Ichi Fiskani sanachiganizire.

Pa gulu la WhatsApp la ligi, mkangano unatembenuka. Sabata yapitayo aliyense ankati Titus ndi woyamba. Tsopano kunatuluka akatswiri atsopano.

"Titus ali ndi dzanja, koma kodi amaliza season?"

"Mutua ndi wodalirika. Kotabaki wabwino ndi amene amapezeka pabwalo."

"Mukunena chiyani inu? Titus anaponya bwino kuposa onse."

"Pali zimene simukudziwa."

Fiskani ankawerenga zonsezi osalemba kanthu. Ankadziona ngati bwana wa timu yaikulu ya ku America.

Lachinayi Titus anamuimbira foni.

"Aise, chikuchitika n'chiyani? Anthu akungondilembera pole, pole. Pole wa chiyani?"

"Mwina akukumvera chisoni kuti ukupita ku Chui," anayankha Fiskani.

Titus anaseka. "Mwinadi. Koma ine kulikonse, bola ndisewere. Ukudziwa, kuyambira pamene adadi anatisiya, Loweruka ndi tsiku lokhalo limene ndimadzuka ndekha osadzutsidwa."

Fiskani akanaulula pomwepo, zonse zikanakonzeka tsiku lomwelo.

"Ulipo?" anafunsa Titus.

"Ndilipo. Network ikuvuta. Tionana Loweruka."

6. Tsiku la dirafuti

Loweruka kunacha ndi mvula. Mwambo unachitikira mu holo ya tchalitchi, madzi akuchita phokoso pa malata. Kutsogolo kunali tebulo lokhala ndi majeze a matimu anayi. Osewera atsopano anakhala pa mzere woyamba, makolo kumbuyo.

A Lawson anavala suti ndi tayi ngati akukakwatitsa. A Nicholas anabwera kudzangotsutsa chilichonse chimene chisankhidwe. Ngakhale a Dunstan analipo, chifukwa anaperekeza Fiskani pa galimoto ndipo mvula inawaletsa kubwerera. Mayi a Titus anali atanena kuti abwera akamaliza mapemphero a amayi.

"Timu yoyamba kusankha ndi Chui," analengeza a Lawson. "Kaputeni Wekesa."

Wekesa anaimirira. Anayang'ana Titus mwachisoni, kenako anayang'ana pansi.

"Chui ikutenga Mutua."

Mu holo munamveka manong'onong'o. A Nicholas anamenya manja pa ntchafu. "Mwana uyu akuona bwino?" Titus anaombera Mutua m'manja, koma nkhope yake inaonetsa kudabwa.

"Tai. Kaputeni Akinyi."

Akinyi sanachedwe. Anatchula mtsikana wina waliwiro, osayang'ana n'komwe kumene kunali Titus. Apa Titus anasiya kuomba m'manja. Anatembenuka kufunafuna Fiskani ndi maso.

"Nyati. Kaputeni Fiskani."

Fiskani anaimirira mwakachetechete, ngati munthu amene akuganizabe.

"Nyati ikutenga Titus."

Ana a Nyati anadumpha n'kumenya mipando. A Nicholas anafuula kuti pomaliza papezeka kaputeni wa nzeru. Titus anathamangira kutsogolo, anavala jeze yakuda pamwamba pa malaya ake, n'kukumbatira Fiskani mwamphamvu.

Fiskani akubwerera pa mpando wake anadutsa pafupi ndi Wekesa. Wekesa anali atangoti kakasi, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kumbe," anatero Wekesa chapansipansi. M'Chiswahili ndi mawu a munthu amene wangozindikira kuti wapusitsidwa.

Fiskani ananamizira kuti sanamve. Utsi unagwira ntchito, ndipo chimwemwe chake chinali chachikulu.

7. Mayi a Titus

Chimwemwecho sichinakhalitse. Timu yachinayi isanasankhe, chitseko chinatseguka ndipo a Bernadette analowa. Anali atanyowa, ambulera ili m'dzanja yosatsegula. Anachokera ku Donholm pa boda, kabaza wa njinga yamoto, mvula yonse ija ikuwathera pathupi.

Anayamba apereka moni kwa akuluakulu, chifukwa ngakhale pa mkwiyo anali mayi waulemu.

"Mwaswera bwanji, bambo a Fiskani? A Lawson, pepani ndasokoneza." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Titus, vula malayawo."

"Amayi, chavuta n'chiyani?"

"Unagwa liti?"

"Kugwa kuti?"

"Usandiyankhe ndi funso. Lero ku mapemphero mayi wina wandigwira dzanja n'kundiuza pole, akuti tikupempherera mwana wanu wodwala mtima. Amayi onse akudziwa kuti unakomoka mumsewu. Ana onse muno akudziwa. Wosadziwa ndine ndekha, amene ndinakubereka."

"Amayi, sindinagwe. Ndikulumbira, sindinagwepo."

Akenya sankamva Chichewa, koma aliyense anaona kuti zinthu zavuta. A Bernadette analankhula osakweza mawu, misozi ikusakanikirana ndi madzi a mvula.

"Bambo ako ankanena chimodzimodzi. Ndikawafunsa kuti bwanji mukupuma choncho, ankati ndangotopa. Ndikawaona atagwira pachifuwa, ankati ndi mpweya wa nyemba. Anzawo a ku ntchito ankadziwa kuti amachita chizungulire, koma anawapempha kuti asandiuze, kuti ndingadandaule. Anandiuza pa maliro. Pa maliro, Titus. Ndiye iwe ndinakupempha chinthu chimodzi. Sindinakupemphe kuti uzikhoza nambala wani, sindinakupemphe kuti usamacheze ndi anzako. Ndinati usandibisire. Ine ndinaika m'manda mwamuna. Sindinabwere ku Kenya kudzanyamula bokosi la mwana pa ndege."

"Mayi, tikhoza kupita naye ku chipatala akamuyeze," anatero a Lawson mofatsa.

"Tipita. Koma bambo akenso dokotala anawauza kuti ali bwino. Ngakhale pepala linene chiyani, ine sindidzakhalanso pansi mwana wanga akuthamanga."

A Lawson anavula magalasi. Anafotokozera anthu onse m'Chingerezi zimene zachitika, kenako anawonjezera.

"Ine Titus ndamuona akuthamanga miyezi yonseyi, sindinaonepo vuto. Ngati nkhaniyi ndi yoona, amene anaona anene. Ngati ndi bodza, amene analiyambitsa aimirire. Akakhala kaputeni, ukaputeni wake watha ndipo chisankho chake tichifafaniza. Koma Titus asewera." Anatembenukira kwa a Bernadette. "Si choncho, mayi?"

"Munthu aimirire pano, andiyang'ane m'maso, anene kuti ananama," anayankha a Bernadette. "Akatero ndimusiya Titus, ndipo ndimupepesa pamaso pa anthu onsewa. Apo ayi, tikupita."

Palibe amene anaimirira. Akinyi anayang'ana Wekesa. Wekesa anali atalumbira, komanso iye mwini anali atafalitsa nawo nkhaniyo, choncho sanatsegule pakamwa. Anangoyang'ana Fiskani, kumudikira.

A Dunstan anadzuka pa mpando wawo kumbuyo.

"Fiskani, iwe ndi mnzake wa Titus. Mumayendera limodzi. Ukudziwapo kanthu pa nkhaniyi?"

Fiskani anaimirira. Anaona bambo ake. Anaona a Nicholas amene anali atangomutcha wanzeru. Anaona ana a Nyati akumuyang'ana ngati mtsogoleri wawo. Titus naye ankamuyang'ana, ali ndi chikhulupiriro chonse.

Ankachita mantha, ndipo manthawo anapambana.

"Ine sindinamuonepo Titus akugwa, adadi."

"Basi?"

"Basi."

Mawuwo anali oona, koma sanali amene ankafunika. A Bernadette anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Zikomo, mwanangu. Ndiwe mwana wabwino, ndipo mnzako sungamuulule. Anzawo a bambo akenso anali anthu abwino." Anatambasula dzanja. "Titus, tiye."

Titus anavula jeze pang'onopang'ono n'kuiika pa tebulo. Sanalire pamaso pa anthu. Anatsatira mayi ake mpaka kutuluka.

A Dunstan anayang'ana a Lawson. A Lawson anayang'ana pansi.

8. Pakhonde

Dirafuti inapitirira, koma inali ngati chakudya chopanda mchere. Fiskani anasankha osewera ena osadziwa n'komwe amene akuwatchula. Nyati inatsala yopanda kotabaki, ndipo a Nicholas sanapezenso chotsutsa.

Mwambo usanathe Fiskani anatuluka kukaima pakhonde. Mvula inali itachepa. Ku geti a Bernadette anali akuimitsa galimoto yoti iwatengere ku Donholm. Titus anawauza kanthu, iwo anagwedeza mutu, ndipo iye anabwerera chothamanga kudzatenga chikwama chimene anaiwala.

Potuluka mu holo ndi chikwamacho, Titus anaona Fiskani n'kuima. Maso ake anali ofiira.

"Aise," anatero Titus.

Fiskani analephera kumuyang'ana. Anadikira chibakera, kapena funso.

Titus anamugwira paphewa. "Zikomo."

"Zikomo wa chiyani?"

"Anthu onse anamva bodzali n'kundithawa. Iwe wekha unandisankha. Iwe wekha unaimirira kundiikira kumbuyo. Sindidzaiwala."

"Titus, ine..."

"Mpira si nkhaninso. Ukudziwa chimene chikundiwawa? Amayi akuganiza kuti ndine wabodza. Sanandiyang'anepo choncho chibadwire changa." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndipo munthu ameneyu anatenga maliro a adadi n'kuwasandutsa chida. Ndimupeza. Kaya zitenga chaka, ndimupeza, ndikamuimike pamaso pa amayi."

Ku geti galimoto inaliza hutala. Titus anakoleka chikwama paphewa.

"Ndamufunsa Akinyi pakhomo paja. Akuti anamva kwa Wekesa. Ndiye mawa tikatuluka m'tchalitchi tipite kwawo kwa Wekesa, akatiuze amene anamuuza. Ndekha ndikhoza kumumenya. Ndikufuna upite nane, aise. Iwe amakumvera."

Fiskani anatsegula pakamwa. Pawindo la holo, Wekesa anali ataima manja ali m'thumba, akuwaonerera onse awiri.

"Ubwera?" anafunsa Titus.

"Ndibwera," anatero Fiskani.